Masters ya uphunzitsi wa ana amphatso: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndi la aphunzitsi amene ali ndi digiri yoyamba, kapena ali pafupi kuimaliza, ndipo akuganiza zozama pa nkhani ya ana amphatso. Ambiri mwa maphunziro amenewa ali ku America, ndiye mayina a kumeneko amveka kwambiri pano. Komabe mayankhowa alembedwa pokumbukira mphunzitsi amene ali ndi ana 80 m'kalasi, choko, bolodi, ndi mabuku oti ana atatu agwirizire limodzi.

Kodi maphunziro amenewa ndi a chiyani kwenikweni?

Amakonzekeretsa mphunzitsi kuchita zinthu ziwiri: kuzindikira mwana amene amagwira zinthu msanga kapena amaganiza mosiyana ndi anzake, ndi kusintha ntchito ya m'kalasi kuti mwanayo asamangodikira anzake chaka chonse. M'mayunivesite ambiri a ku America phunziroli lili m'nthambi yoona za kaganizidwe ndi kaphunziridwe ka ana, kwina lili pamodzi ndi maphunziro a ana ofunika thandizo lapadera. Ku University of Georgia, mumzinda wa Athens, analitcha Gifted and Creative Education, chifukwa amayang'ananso ana a luso lotulukira zatsopano, osati a malikisi okwera okha.

Musayembekezere masamu ovuta kapena sayansi yozama. Mukaphunzira za mwanayo: kakulidwe kake, kayesedwe kake, ndi kakonzedwe ka ntchito yomuyenera.

Mwana wamphatso ndi uti? Si uja amakhala nambala wani teremu iliyonse?

Nthawi zina ndi yemweyo. Koma nambala wani amapita kwa mwana wosajomba, woloweza notsi bwino ndiponso wodziwa zimene aphunzitsi amafuna papepala. Mwana uja amaphwasula wailesi ya bambo ake n'kuibwezeretsa, kapena uja amafunsa mafunso mpaka aphunzitsi kukwiya, akhoza kukhala pa nambala 30.

Kosi yoyamba pafupifupi kulikonse imathera pa mkangano womwewu. Mu 1921 Lewis Terman wa ku yunivesite ya Stanford anayamba kutsatira moyo wa ana pafupifupi 1,500 a ku California amene anakhoza kwambiri mayeso oyesa nzeru otchedwa IQ. Ambiri anakula bwino, anapeza ntchito zabwino, ndipo zinaonekeratu kuti maganizo akale oti mwana wanzeru kwambiri amakhala wodwaladwala kapena amapenga anali abodza. Koma anyamata awiri amene anayesedwa n'kusiyidwa chifukwa malikisi awo sanakwane, William Shockley ndi Luis Alvarez, ndi amene anadzalandira mphoto ya Nobel ya fizikisi. Mwa ana a Terman munalibe anailandira.

Mu 1972 lipoti la Sidney Marland ku nyumba ya malamulo ya America linakulitsa tanthauzo. Linatchula nzeru za zinthu zonse, luso pa phunziro limodzi, kuganiza zatsopano, utsogoleri, luso la zojambula ndi zisudzo, komanso luso logwiritsa ntchito thupi. Mu 1978 Joseph Renzulli wa ku University of Connecticut anajambula mikombero itatu yolowerana: nzeru zoposa za ana ambiri, luso lotulukira zatsopano, ndi khama losasiya ntchito panjira. Iye sakonda kunena kuti mwana uyu ndi wamphatso, uyo ayi. Amati khalidwe lamphatso limaoneka mwa ana ena, pa nthawi zina, zinthu zikakhala m'malo mwake. Françoys Gagné wa ku Montreal anasiyanitsa mphatso yobadwa nayo ndi luso lokhwima, nati pakati pa ziwirizi pali kuphunzira, anthu omuzungulira mwanayo, ngakhalenso mwayi.

Simudzapatsidwa tanthauzo limodzi loti muloweze. Mudzafunsidwa kuti musankhe limodzi ndi kuliteteza, podziwa ana amene tanthauzo lanulo likuwasiya kunja.

Ana ambiri akulephera kuwerenga. Bwanji titaye nthawi pa amene akukhoza kale?

Funso ili ndi loyenera, ndipo mudzalimva kwa ahedi anu omwe. Yankho lake n'lakuti mwana aliyense amabwera kusukulu kuti aphunzire chimene sakuchidziwa. Amene anadziwa kale ntchito ya teremu yonse sabata yoyamba, sakuphunzira. Tonse tikudziwa zimene timachita naye: timamuuza kuti athandize anzake, timamupatsa kope kuti azilemba olongolola, kapena timamutuma kukatenga choko ku ofesi. Kuthandiza anzake n'kwabwino ndipo kumamuphunzitsa umunthu, koma sikungakhale silabasi yake yonse kuyambira Sitandade 3 mpaka 8.

Choopsa china chimabisika. Mwana amene amakhoza osavutika sadziwa kuwerenga mwakhama. Tsiku limene adzakumane ndi phunziro lomulimbira, kaya ku Folomu 3 kaya chaka choyamba ku yunivesite, amagwa, ndipo amaganiza kuti nzeru zamuthera.

Luso lotulukira zatsopano lingayesedwe bwanji? Si lobadwa nalo?

Apa ndi pamene dzina la E. Paul Torrance limalowa. Anayamba kafukufuku wake ndi ana a ku Minneapolis mu 1958, mayeso ake a Torrance Tests of Creative Thinking anatuluka mu 1966, ndipo chaka chomwecho anasamukira ku University of Georgia. Likulu lodziwika ndi dzina lake, Torrance Center, linakhazikitsidwa kumeneko mu 1984, ndipo mpaka pano limaphunzitsa anthu kachongedwe ka mayesowa.

Mayeso ojambula amatenga mphindi 30, ndipo ali ndi zigawo zitatu za mphindi 10. Pa chigawo china mwana amapatsidwa masamba odzaza ndi timikombero kapena timizere tiwiritiwiri, n'kuuzidwa kuti apange zithunzi zambiri mmene angathere. Wina ajambula nkhope, nkhope ina, nkhope inanso. Wina apanga dzuwa, kenako wotchi, kenako alumikiza timikombero tiwiri n'kukhala njinga, china n'kukhala chidebe chooneredwa kuchokera pamwamba. Wochonga sayang'ana kukongola kwa chithunzi. Amawerenga kuchuluka kwa maganizo, kusoweka kwake pakati pa mayankho a ana ena, tinthu timene mwana wawonjezera, mutu umene wapatsa chithunzicho, ndiponso ngati anathamangira kutseka mzere kapena anayamba waganiza kaye. Mayeso a mawu amafunsa zinthu ngati ntchito zachilendo za katoni, kapena mmene chidole cha njovu chingakonzedwere kuti chisangalatse kwambiri.

Torrance ankakhulupirira kuti lusoli limaphunzitsika, ndipo mu 1974 anayambitsa Future Problem Solving, mpikisano umene ana amakambirana mavuto a m'tsogolo ndi njira zowathetsera. Dera la Georgia limatengera nkhaniyi patali: pa njira imodzi yosankhira ana amphatso amayang'ana zinthu zinayi, zomwe ndi nzeru, kakhozedwe m'kalasi, luso lotulukira zatsopano ndi khama, ndipo mwana amayenera kukwanitsa zitatu.

Maphunzirowa amapezeka kuti?

Ku America mayina odziwika ndi awa. University of Georgia ili ndi masters yomwe imaphunzitsidwanso pa intaneti. University of Connecticut, kwawo kwa Renzulli ndi Sally Reis, ili ndi dongosolo la Three Summers lokonzedwera aphunzitsi amene ali pantchito, komanso msonkhano wa aphunzitsi wotchedwa Confratute umene unayamba mu 1978. Ku Purdue University ku Indiana, John Feldhusen anayambitsa likulu la maphunzirowa. Yunivesite ya William & Mary ku Virginia imadziwika ndi kukonza masilabasi a ana amphatso, ntchito imene anatsogolera Joyce VanTassel-Baska. University of Iowa ili ndi Belin-Blank Center, akadaulo pa nkhani yodumphitsa ana makalasi.

Kunja kwa America kuli University of New South Wales ku Sydney, komwe Miraca Gross anayambitsa likulu la GERRIC, ndi Radboud University ku Nijmegen, Netherlands, yomwe imaphunzitsa aphunzitsi mogwirizana ndi bungwe la European Council for High Ability. Ku England boma linali ndi akademi ya ana amphatso ku University of Warwick kuyambira 2002 mpaka 2007, koma ndondomeko ya dziko lonse inadzatha, choncho amene akupita kumeneko nthawi zambiri amatenga masters ya maphunziro wamba n'kulemba kafukufuku wawo pa ana amphatso.

Njira yomweyo ndi yotheka kwathu kuno. Mukhoza kulembetsa masters ya maphunziro ku University of Malawi, Mzuzu University kapena University of Zambia, n'kupeza mphunzitsi wovomera kukuyang'anirani pa mutu umenewu. Musaipeputse njira imeneyi. Ana anu ofufuza muli nawo kale pafupi.

M'kalasimo muphunzira chiyani choti n'kugwiritsa ntchito Lolemba m'mawa?

Masters ya ku America nthawi zambiri imakhala ya ma credit 30 mpaka 36, kutanthauza makosi 10 mpaka 12. Mudzapeza kosi ya makhalidwe a ana amphatso, ya kayesedwe ndi kasankhidwe, ya silabasi, ya luso lotulukira zatsopano, ya umoyo wa m'maganizo ndi kakhalidwe pakati pa anzawo, ya njira za kafukufuku, kenako nthawi yokaphunzitsa ana enieni akukuyang'anirani.

Chida chimene chimabweza ndalama zanu ndi chija Renzulli ndi Reis anachitcha curriculum compacting, ndiye kuti kufinya silabasi. Chimayenda motere. Musanayambe mutu wa mafulakishoni mu Sitandade 6, mulembe pabolodi masamu asanu ovuta kwambiri a kumapeto kwa mutuwo, muuze ana kuti wofuna ayesere. Mwa ana 80 mwina asanu akhoza anayi mwa asanuwo. Amenewo musawapatsenso masamu 20 a mtundu womwewo, chifukwa kutero n'kuwalanga chifukwa chokhoza. M'malo mwake ayeze dimba la sukulu ndi chingwe, awerengere feteleza wofunika pa mzere uliwonse kuchokera pa muyeso wa ekala imodzi, adzafotokozere kalasi Lachisanu mmene anapezera yankho. M'kope lanu mulembe zinthu zitatu: chimene mwana akudziwa kale, umboni wake, ndi ntchito imene mwaika m'malo mwake. Ahedi kapena a PEA akadzafunsa chifukwa chake mwanayu sakulemba zofanana ndi anzake, muwaonetse tsambalo.

Kafukufuku amene Reis ndi anzake anatulutsa mu 1993 anapeza kuti aphunzitsi ankatha kuchotsa pakati pa 40 ndi 50 peresenti ya ntchito ya masiku onse kwa ana okhoza kwambiri, koma malikisi awo pa mayeso osatsika.

Mudzaphunziranso zoika ana otere asanu kapena asanu ndi mmodzi m'kalasi imodzi, m'malo mowamwaza mmodzimmodzi mu A, B ndi C. Njira imeneyi sifuna ndalama ngakhale tambala. Imangofuna ahedi omvetsa ndi mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa.

Kudumphitsa mwana kalasi sikumuononga?

Ambiri amaopa kuti asowa anzake a msinkhu wake. Pa nkhani zonse za phunziroli, iyi ndi imene ili ndi umboni wochuluka, ndipo umboniwo ukuikira kumbuyo kudumphitsa, bola kuchitike mosamala. Julian Stanley wa ku yunivesite ya Johns Hopkins anayambitsa mu 1971 kafukufuku wopatsa ana a zaka 12 ndi 13 mayeso a masamu olowera ku koleji, kuti aone pamene nzeru zawo zikulekezera, poti mayeso a kalasi yawo ankangokhoza zonse. Camilla Benbow ndi David Lubinski a ku Vanderbilt akhala akutsatira anthu amenewa, pafupifupi 5,000, kwa zaka makumi angapo, ndipo amene anafulumizitsidwa anachita bwino pa maphunziro ndi pantchito, popanda chizindikiro choti zinawasokoneza m'maganizo. Miraca Gross anatsatira ana 60 a ku Australia a IQ yoposa 160, ndipo amene anasungidwa ndi a msinkhu wawo ndiwo anavutika kwambiri ndi kusungulumwa.

Lipoti la Belin-Blank Center la 2004 linatchula njira 18 zofulumizitsira mwana, ndipo kudumpha kalasi yonse ndi imodzi chabe. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kumakaphunzira masamu okha ku Sitandade 7, n'kubwerera kwa anzake pa maphunziro ena. Musanaganize, mufunse mwanayo ngati akufuna, muone ngati ali ndi mkulu wake m'kalasi imene akupitayo, ndiponso ngati mphunzitsi womulandira akumufunadi. Kwathu kuno pali china choti muwerengere: mwana amene walemba PSLCE ali wamng'ono kwambiri n'kusankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, akakhala pakati pa anyamata ometa ndevu. Nkhani imeneyo muikambirane ndi makolo musanasaine chilichonse.

Mayeso opangidwa ku America angagwire pa ana athu?

Osawatenga mmene alili. Ndipo umboni wabwino kwambiri wa izi unachokera kwathu konkuno. Robert Serpell, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa University of Zambia, anapatsa ana a ku Lusaka ndi ana a ku England ntchito imodzimodzi yokopera zithunzi, koma ndi zipangizo zosiyana. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 1979, zinali zoti pa pensulo ndi pepala ana a ku England anaposa, pa waya ana a ku Zambia anaposa, ndipo pa choumbira chofewa ngati dongo anafanana. Aliyense amene anakula akupinda magalimoto a mawaya sangadabwe. Mayeso amayesa nzeru ndi chizolowezi nthawi imodzi. Kuchokera pa ntchito imeneyi panabadwa Panga Munthu Test, momwe mwana amaumba munthu m'malo momujambula.

Serpell yemweyo anayamba mu 1973 kafukufuku pakati pa Achewa a m'boma la Katete ku Zambia. Pofunsa akuluakulu kuti ndi mwana uti angamutume pa ntchito yofunika, anapeza kuti iwo sankalekanitsa kuchenjera ndi kutumikira kapena kukhulupirika. Mwana wochenjera koma wosatumika sankamuwerengera pa ana anzeru. Ndiponso ana amene akuluakulu ankawatama sanali kwenikweni amene ankakhoza mayeso a akatswiri. Mukapita ku Athens kapena ku Sydney, pitani ndi kafukufuku ameneyu m'manja. Akuthandizani kutsutsana ndi aphunzitsi anu mwaulemu.

Ngakhale mayeso a Torrance ali ndi msampha wake. Kusoweka kwa yankho kumayesedwa poyerekeza ndi mndandanda wa zimene ana a ku America amakonda kujambula. Mwana wa ku Ntchisi akasandutsa kamkombero kukhala lichero kapena kamwa la mtondo, akhoza kupatsidwa malikisi a chinthu chachilendo, chonsecho theka la kalasi yake lajambula zomwezo. Mayeso a mawu ali ndi vuto lina: mwana amene wayamba kuphunzira m'Chingerezi mu Sitandade 5, mukamuyesa m'Chingerezi, mwayesa Chingerezi chake.

Kodi zimenezi sizongokondera ana a anthu olemera?

Zikhoza kutero, ndipo zakhala zikutero. Ku South Africa nthawi ya tsankho, maphunziro a ana amphatso ankapindulira makamaka ana a azungu, n'chifukwa chake pambuyo pa 1994 anthu ambiri sankafuna n'kumva komwe. Ku America ana akuda, ana ochokera m'mabanja olankhula Chisipanishi ndi ana osauka akhala ochepa m'mapulogalamuwa kuyerekeza ndi chiwerengero chawo. Mary Frasier wa ku Georgia anathera moyo wake wa ntchito pa vuto limeneli, kuphunzitsa aphunzitsi kuyang'ana zizindikiro monga chidwi, mafunso, nthabwala ndi kathetsedwe ka mavuto, m'malo modalira malikisi amodzi.

Akatswiri a zachuma David Card ndi Laura Giuliano anafufuza dera lina lalikulu la ku Florida limene mu 2005 linasiya kudikira kuti aphunzitsi ndi makolo atchule ana, n'kuyamba kuyesa ana onse a kalasi yachiwiri. Chiwerengero cha ana osauka ndi ana akuda opezeka kuti ndi amphatso chinakwera kwambiri. Anawo analipo kale, kungoti palibe ankawatchula.

Ifenso tili ndi mbiri yathu. Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981 kuti itenge ana okhoza kwambiri a m'maboma onse, ndipo mpaka pano PSLCE ndi imene imagawa ana kupita ku sekondale za national, za boma ndi za CDSS. Koma m'boma lomwelo la Kasungu, William Kamkwamba anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, napanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi buku la ku laibulale yaing'ono ya ku Wimbe. Mayeso osankhira ana samaona mwana amene sali m'kalasi. Pulogalamu ya masters imene sikamba za nkhani imeneyi, isiyeni.

Nanga mwana wanzeru koma wolephera kulemba, kapena wosakhazikika?

Alipo ambiri, ndipo akatswiri amawatchula mwachidule kuti 2e, kutanthauza kuti ndi apadera pawiri. Akhoza kufotokoza pakamwa mmene kadamsana amachitikira koma osatha kulemba chiganizo choongoka. Mphatso imabisa vuto, vuto limabisa mphatso, ndipo pa lipoti amaoneka ngati mwana wapakatikati kapena waulesi. Aphunzitsi amene anadutsa ku Montfort ku Nguludi, kapena anachita digiri ya maphunziro a ana ofunika thandizo lapadera, ali ndi poyambira pabwino kuposa anzawo.

Polembetsa amafuna chiyani?

Digiri yoyamba, zotsatira za makosi onse zochokera ku yunivesite yanu, makalata awiri kapena atatu okuchitirani umboni, ndi kalata yofotokoza cholinga chanu. Ambiri amafunanso mayeso a Chingerezi a TOEFL kapena IELTS, ngakhale ena amakhululukira amene anaphunzira digiri yonse m'Chingerezi. Mayeso olowera a GRE mayunivesite ambiri anasiya kuwafuna, koma funsani. Ena adzakutumizani ku bungwe ngati WES kuti liunike digiri yanu, ndipo zimenezo zimatenga nthawi ndi ndalama. Dipuloma yokha kapena satifiketi ya ku TTC sikwanira.

Pa kalata ya cholinga, musayambe ndi zoti munakonda uphunzitsi kuyambira muli mwana. Owerenga aona zimenezo kambirimbiri. Fotokozani za mwana mmodzi amene munamuphunzitsa, osatchula dzina lake: zimene munaona, zimene munayesa, ndi funso limene linatsala.

Ndalama zichokera kuti?

Kulipira nokha ndi malipiro a uphunzitsi, pomwe ndalama zakunja zikusowa chonchi, n'kovuta kwambiri. Fulbright imadzera ku ofesi ya kazembe wa America ndipo imalipira fizi, ulendo ndi zofunika pa moyo. Chevening ndi ya masters ya chaka chimodzi ku Britain ndipo imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka ziwiri. Zonse ziwirizi zimafuna kuti mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri mukamaliza. Palinso Commonwealth, kuphatikizapo ya ophunzira ali kwawo, koma imeneyo imalipira makosi osankhidwa okha.

Njira imene ambiri saidziwa ndi graduate assistantship: mumagwira ntchito ku dipatimenti maola osaposa 20 pa sabata, kuthandiza pa kafukufuku kapena kuphunzitsa, iwo n'kukuchotserani fizi ndi kukupatsani kangachepe pamwezi. Imapezeka kwambiri kwa a PhD ndipo imafuna kuti mukhale pasukulupo. Lemberani pulofesa amene ntchito yake mwaiwerenga, osati kalata imodzi yotumiza kwa anthu 40. Malamulo a viza akusinthasintha, choncho muone kaye zimene ofesi ya kazembe ikunena musanalipire ndalama yofunsira malo.

Ndingaphunzire pa intaneti ndili pantchito?

Inde, ndipo pa phunziro ili ubwino wake ndi woti chimene mwawerenga usiku mumachiyesa m'kalasi mawa lake. Koma funsani ngati makalasi ndi okumana nthawi imodzi kapena oti aliyense alowe pa nthawi yake. Kalasi ya 6 koloko madzulo ku Georgia ndi 12 koloko usiku kapena 1 koloko mbandakucha ku Lilongwe, malingana ndi nyengo ya chaka. Muwerengerenso mabandulo ndi kuzimazima kwa magetsi. Ndipo masikolashipi ambiri salipira maphunziro a pa intaneti.

Nditenge satifiketi, masters kapena PhD?

Satifiketi imakhala ya makosi anayi kapena asanu, ndipo muli nyama yonse yofunika kwa mphunzitsi wa m'kalasi. Samalani ndi chimene ku America amachitcha endorsement: chimenecho ndi chilolezo chowonjezera pa laisensi ya uphunzitsi ya dera linalake la kumeneko, ndipo kwa inu chilibe ntchito. Masters ndi ya amene akufuna kutsogolera anzawo kapena kukaphunzitsa ku koleji ya aphunzitsi. PhD ndi ya amene akufuna kufufuza, ndipo kunena zoona malo opanda munthu ndi ambiri: zida zoyesera ana m'Chichewa, miyeso yochokera kwa ana athu, ndi kafukufuku wa njira zimene zimagwira m'kalasi yodzaza.

Musanalipire kulikonse, tsimikizani kuti yunivesiteyo ndi yovomerezeka kwawo, ndiponso kuti NCHE, kapena bungwe loona za mapepala a maphunziro m'dziko lanu, lidzazindikira pepalalo.

Ndikamaliza ndidzagwira ntchito yanji?

Ku America kuli maudindo olembedwa a mphunzitsi wa ana amphatso ndi woyang'anira pulogalamu m'dera. Kwathu musadikire kuona udindo wotero pa zotsatsa ntchito za boma, ndipo musaganize kuti pepala lokha likukwezani giredi. Makomo amene angatseguke ndi a makoleji a aphunzitsi, mayunivesite, okonza masilabasi monga a MIE ku Domasi, sukulu zoyima pazokha zotsata silabasi ya Cambridge, ndi mabungwe opereka thandizo kwa ana okhoza bwino ochokera m'mabanja ovutika. Amene ali ku Britain kapena ku South Africa adzapeza kuti lusoli limafunika pansi pa mayina ena, monga kuphunzitsa molingana ndi mwana aliyense.

Ngakhale mutabwerera m'kalasi yanu yomwe ija, ntchito ilipo: maphunziro a aphunzitsi anzanu ku TDC, kalabu ya sayansi kapena ya mtsutso yokhala ndi cholinga chenicheni, ndi kukambirana ndi ahedi za kagawidwe ka ana m'makalasi.

Ndifunse chiyani ndisanasankhe pulogalamu?

Funsani ngati nthawi yoyeserera kuphunzitsa mungaichitire pasukulu yanu, ndi amene adzakuyang'anireni. Funsani ngati kosi ya kayesedwe imangofotokoza mayeso kapena imakuphunzitsani kupanga ndi kuyesa chida chanuchanu. Pemphani mndandanda wa zowerenga za kosi imodzi, muone ngati muli kalikonse kochokera kunja kwa America ndi Ulaya. Ndipo mufunse ngati ntchito zolemba mungazisinthe kuti zikhale za silabasi ya kwanu, chifukwa mapulogalamu ena anamangidwa pa malamulo a dera limodzi la ku America, moti mudzathera masabata mukuloweza mafomu a Georgia kapena a Texas amene simudzawagwira m'manja. Woyang'anira pulogalamu akayankha imelo yanu momveka, n'kukulumikizani ndi wophunzira wina wochokera kunja amene anamaliza kumeneko, lankhulani naye musanatumize ndalama.